Ng'ombe Yadongo ya Mwila

"Amayi, kodi dongo lidziwa kuti ine ndine mtsikana?"

Anafunsa choncho ndi Mwila. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Palabana ndi amayi ake, a Eva. Chinali chaka cha 1994.

Funsoli linayamba chonchi.

Mwila ankakonda kuumba ng'ombe zadongo. Mnzake anali Yoramu, wa nyumba yamalata yoyandikana nawo. Banja la Yoramu linali litangofika kumene kuchokera ku Lusaka. Yoramu ankakonda kuumba miphika. Inali timiphika tosalala, ndi tizivundikiro take.

Akaweruka kusukulu ankakumana kudambo. Mwila ng'ombe, Yoramu miphika. Mwila ng'ombe, Yoramu miphika.

Tsiku lina a Lazarous, atate a Yoramu, anabwerako msanga kuntchito. Anatsika minibasi. Anadzera kudambo. Anaima chilili.

"Iwe Yoramu, ni chani ichi?"

"Mphika, atate."

"Mphika ni wa atsikana. Mwamuna aumba ng'ombe. Nikakuonanso na mphika, basi, sudzasewera na Mwila."

Kenako anayang'ana Mwila. Analankhula mofatsa.

"Na iwe, mwana wanga, siya ng'ombe. Ni za anyamata."

Madzulo ake ndi pamene Mwila anafunsa funso lija. Amayi anali kukama Mawanga, ng'ombe yawo.

"Gwira mchira uwu," anatero amayi. "Wanimenya kumaso kawiri."

Mwila anagwira mchira. Anaganiza. Anaganizanso.

Amayi ndi akazi. Amayi amakama ng'ombe. Ng'ombe yamoyo, inde. Ng'ombe yadongo, ayi. Chifukwa chiyani? Mutu wa Mwila unazungulira.

M'mawa mwake ana aja anakumananso kudambo. Yoramu anayesa kuumba ng'ombe. Inatuluka ngati mbatata. Mwila anayesa kuumba mphika. Unatuluka ngati chisoti chopondedwa.

"Tisinthane," ananong'ona Yoramu. "Iwe umba ng'ombe, unipase. Ine niumbe mphika, nikupase."

Anachitadi choncho. Yoramu anapita kwawo ndi ng'ombe. Mwila anapita kwawo ndi mphika. Anauika pawindo.

A Lazarous anakondwa kwambiri. Anaika ng'ombeyo pamwamba pa wailesi. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti aone.

Mwila anasuzumira pakhomo pa nyumba yamalata ija. Anaiona ng'ombe yake. Dzulo, m'maso mwa a Lazarous, ng'ombe ya Mwila inali yoipa. Lero inali yabwino. Koma dongo linali lomwelo. Ng'ombe inali yomweyo. Mutu wa Mwila unazunguliranso.

Loweruka m'mawa a Lazarous anabwera kudzatenga mkaka. Dzanja lina botolo, dzanja lina ng'ombe yadongo. Yoramu anabwera nawo, maso ali pansi.

"Amake Mwila, onani nchito ya mwana wanga."

A Eva anapukuta manja pachitenje. Analandira ng'ombeyo. Anaitembenuza. Anaitembenuzanso.

Nyanga imodzi inali yopindikira pansi. Mawere anali anayi. Bere limodzi linali lalifupi.

"Ba Lazarous, uyu ni Mawanga."

"Eya, Yoramu amamuona m'khola."

"Nyanga angaione. Koma bere lalifupi ili, aliona chabe munthu amene akhala pansi pa ng'ombe. Yoramu aopa na thole lomwe."



Mwila anaganiza msanga. Akanena zoona, Yoramu adzaletsedwa kusewera naye. Akapanda kunena, bodza lidzakula. Anayang'ana Yoramu. Yoramu anayang'ana zala za kumapazi.

Mwila anathamangira pawindo. Anatenga mphika uja. Anaupereka ndi manja awiri.

"Ba ankolo, ng'ombe ninaumba ndine. Mphika uyu ni wa Yoramu. Tinasinthana. Musamuletse kusewera na ine."

A Lazarous anakhala pachitsa. Anayang'ana ng'ombe. Anayang'ana mphika. Anavundukula. Anavundikira. Chivundikiro chinakhala bwinobwino. Anavundukulanso. Anavundikiranso.

Anakanda m'mutu. Tsopano mutu wozungulira unali wawo.

"Yoramu, anakuphunzitsa ni ndani?"

"Kulibe, atate. Manja afuna okha."

"Nanga ine ninauza anzanga onse ku ofesi kuti mwana wanga aumba ng'ombe. Manje nizawauza chani?"

A Eva anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Muwauze kuti aumba mphika wokhala bwino chivundikiro. Wanga wa kusitolo ugwedezeka ngati minibasi yanu."

A Lazarous anasekako pang'ono. Anapatsa Mwila ng'ombe yake. Anapatsa Yoramu mphika wake.

"Ninayamika chinthu osadziwa mwini wake," anatero. "Chikali chabwino. Pitani kudambo nonse awiri."

Ana aja sanadikire. Koma Mwila anaima pafupi ndi khola. Ankafuna kumva mawu a akuluakulu.

"Amake Mwila, dongo losaotcha lisweka. Zinthu izi tingazisunge bwanji?"

"Tiziotche. Ine nizasonkha ndowe zouma za Mawanga."

"Nkhuni nizabweretsa ndine. Loweruka likubwera."

"Ng'ombe na mphika, moto umodzi?"

"Moto umodzi. Ndipo pa zoumba za ana sinizaikapo mulomo."

"Mwalonjeza, ba Lazarous?"

"Nalonjeza, aneba."

Anagwirana chanza pamwamba pa botolo la mkaka.