Mabizinesi Atatu a Luso

M'nyumba ya bambo Manfred ku Crumlin, mu mzinda wa Dublin, munali mtendere. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, akazi awo mayi Scholastica ankakonza m'maofesi, ndipo mwana wawo yekhayo, Luso, anali pa koleji. Amalawi a mumpingo mwawo anali ndi thumba la maliro. Mwezi uliwonse aliyense ankaponyamo kangachepe, kuti wina akamwalira thupi lake likwere ndege kukaikidwa kumudzi. Msungichuma anali bambo Manfred. Poti maso awo anali atayamba kufooka, nambala yachinsinsi ya akauntiyo anaipereka kwa Luso kuti aziwathandiza pa foni.

"Ine ndikadzafa musadzandisiye m'dothi lozizirali," ankatero kawirikawiri. "Mudzandiperekeze ku Ntcheu, pafupi ndi mayi anga."

"Adadi, inunso nkhani za imfa simutopa nazo," Luso ankaseka.

Loweruka lililonse Luso ankagwira ganyu yonyamula makatoni ku Coolock. Kumeneko ndiko anadziwana ndi Kasuba, mnyamata wa ku Zambia amene nsapato zake sizinkada.

"Iwe boyi, uzafela pa makatoni?" anatero Kasuba tsiku lina. "Ma bank yapasa ndalama mahala manje. Utsegula business account, bakupasa bonus, two hundred euro. Utsegula ina kwina, bakupasa futi."

"Koma ine bizinesi ndilibe."

"Nanga ine nili nayo? Ni dzina chabe. Ulembetsa dzina, basi. Vuto ni imodzi: bafuna ndalama zambiri zingene, zinkhalemo pang'ono, ndiye bonus ibwela. Ulibe kwamene ungabweleke?"

Dzanja la Luso linali m'thumba, pa foni.

Anadziuza kuti sikunali kuba, pakuti ndalamazo zinkangopita n'kubwerera. Bizinesi yoyamba inali yotsuka mawindo, chonsecho windo la kuchipinda kwake sanalipukutepo. Yachiwiri inali yophika makeke. Yachitatu inali yosamutsa katundu, mwini wake wopanda ngakhale njinga. Ndalama zimene amayi amasiye anasonkha ataimirira tsiku lonse pa ntchito zinayamba kuyendayenda m'mabanki, zikugona apa sabata ino, apo sabata yamawa, kuti Luso alandire bonasi. Anagula jekete. Anagula nsapato zoyera ngati za Kasuba.

"Jekete imeneyi yachokera m'makatoni a ku Coolock?" anafunsa mayi ake.

"Ndi bizinesi, amayi."

"Ukugulitsa chiyani?"

"Simungamvetse."

"Ngati sungathe kuifotokoza pamaso pa bambo ako, isiye lero lomwe."

Bambo ake nawo anamufunsa tsiku lina akuchokera ku tchalitchi. "Ndalama za anthu zili bwinobwino?"

"Zili bwino, adadi."

"Uzisamale, mwanawe. Umo muli ulendo womaliza wa munthu aliyense amene wamupatsa moni lero."

Luso anagwedeza mutu. Lolemba lake anasamutsira thumba lonse ku akaunti ya makeke, chifukwa banki imeneyo inali italonjeza bonasi yokulirapo.

A kubanki si ana. Anaona bizinesi ya makeke imene sinagulepo ufa ngakhale shuga, koma ikulandira ndalama zambiri n'kuzitulutsanso. Anatseka akauntiyo, ndipo anati saitsegula mpaka atafufuza kumene ndalamazo zinachokera. Anafuna malisiti ndi mayina a makasitomala. Luso analibe ngakhale keke imodzi yoti aonetse.

Anaimbira Kasuba.

"Ah, vimachitika," anatero Kasuba akutafuna chinachake. "Bazatsegula, kapena after six months. Koma dzina yanga usaichule." Foni inaduka, ndipo sinalowenso.

Luso sanauze munthu. Ankadya patebulo limodzi ndi bambo ake, n'kumayankha ameni pa pemphero la chakudya.

Mwezi usanathe, bambo Manfred anagwa akudikira basi yopita kuntchito. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Anthu anadzaza m'nyumba, ena anakhala pamasitepe. Nyimbo zitadukiza, mayi Miriam, wapampando wa thumba la maliro, anaitanira Luso kukhitchini kumene kunali mayi ake.

"Pepa mwanawe, tikudziwa kuti mtima uli pena. Koma okonza maliro akudikira, ndege nayo ikufuna kulipiriratu. Tsegula foniyo titumize."

Luso anayang'ana pansi, n'kufotokoza zonse. "Koma sindinabe," anamaliza motero. "Ndalamazo zilipo, angozitsekera."

"Zilipo?" anatero mayi Miriam. "Bambo ako ali m'firiji ya kuchipatala, iwe ukuti zilipo? Unkachititsa ganyu ndalama za maliro kuti uvale nsapato?"

Mayi Scholastica anangoyang'ana nsapato zoyerazo, kenaka anatembenukira kukhoma.

Mpingo unayesa kusonkhanso, koma anali anthu omwewo amene anali atasonkha kale kwa zaka, ndipo ena anakana poyera. Zimene zinapezeka zinangokwanira manda a konkuno. Bambo Manfred anaikidwa ku Dublin mvula ikuwaza, m'dothi lomwe lija ankalikana. Abale a ku Ntcheu anaonera pa foni imene mayi Miriam anaikweza m'mwamba, mawu akudukaduka.

Anthu atabalalika, Luso anayandikira mayi ake.

"Amayi, banki ikatsegula ndidzabweza zonse."

"Udzabweza ku mpingo," anayankha mosakweza mawu. "Nanga bambo akowa udzawabwezera chiyani?"

Mayi Scholastica analowa m'galimoto ya mayi Miriam. Luso anatsala pamandapo, matope atamata nsapato zake.

Achinyamata, bizinesi ya dzina lokha ndi bodza, ngakhale banki italipira bonasi pa bodzalo. Ndipo ndalama zimene mwasungitsidwa si zanu, ngakhale kwa sabata imodzi. Musazigwire. Eni ake adzazifuna pa tsiku limene simungathe kuwauza kuti adikire.