Kadontho pa Dzina la a Nasibeko

Makina otchedwa Mmisiri ankamanga nyumba yathunthu m'maola asanu ndi limodzi. Ankalavula dothi losakaniza ndi simenti, mzere pamwamba pa mzere, mpaka kufika padenga. M'chaka cha 2074 anthu a m'mudzi wa Chikuse ankasamukira kumtunda, madzi atawalanda malo, ndipo Mmisiri ndiye ankawamangira.

Mmisiri analibe nthawi yofunsa munthu. Ankangowerenga mndandanda wa pakompyuta. Dzina lokhala ndi nambala linali banja, ndipo linkalandira nyumba. Dzina lolowa m'kati pang'ono, lokhala ndi kadontho kutsogolo, linali la munthu wogona m'nyumba ya nambala yapamwamba pake.

Mndandandawo analemba ndi Zione Kachulu, mlembi wa komiti, mtsikana waulemu mpaka kunyanya. Pa nambala 17 analemba amalume ake, a Fulatira. Pa 18 analemba mayi ake aang'ono, a Nasibeko, omwe amuna awo anamwalira kalekale. Ataona maina awiriwo ataima molingana, mtima sunamukhale. Iye anakula akumva kuti mbumba imakhala pansi pa mwini mbumba. Anadina batani lolowetsa mzere m'kati, 18 n'kusanduka kadontho. Manambala apansi anadzikonza okha, 19 n'kukhala 18, moti panalibe choonetsa kuti pachoka munthu.

Tsiku logawa makiyi a Nasibeko anafika m'mamawa, mtolo pamutu, mbuzi pachingwe. Anali atauza aliyense kuti pakhomo pawo adzabzala mpapaya. Maina anaitanidwa mpaka kutha, lawo osamveka. Wapampando wa komiti atafunsa, mawu a Mmisiri anayankha pafoni yake mosatekeseka:

"Nasibeko ali pansi pa nambala 17. Chipinda chake chilipo."

Mudzi wonse unkadziwa kuti a Nasibeko ndi mlongo wawoyo, a Fulatira, anali atatha zaka khumi ndi ziwiri osapatsana moni chifukwa cha mkangano wa dimba. Wapampando anayesa kupempha nyumba ina, koma anauzidwa kuti makinawo apita kale kumidzi ina, ndipo adzabwerera pakatha zaka zitatu.

Zione anamva manyazi oopsa. Onse ankatukwana Mmisiri, iye chala chimene chinadina batanicho atachifumbata m'dzanja. Anapita kukawalandira mtolo mayi akewo, misozi ili mbwembwembwe.

"Usandilirire, mwana wanga," anatero a Nasibeko, akumupukuta ndi nsonga ya chitenje. "Makinawa sanabadwe kwa mayi, angamudziwe bwanji munthu? Ukanakhala iwe sukanandiiwala."

Zione anasenza mtolowo n'kutsogola kulowera kuseri kwa nyumba ya a Fulatira, akudziwa kuti Mmisiri sanalakwitse kanthu. Anangomanga ulemu umene iye analemba.