Mphuno Yowongoka

Mvula ya mumzinda wa Nantes ilibe manyazi, imagwa nthawi iliyonse imene yafuna. Tsiku limenelo inamupeza Maëlle pa siteji ya basi, atangoweruka ku bekale komwe ankagulitsa buledi. Ufa unali udakali m'zikhadabo. Podikira basi anatulutsa pepala n'kuyamba kujambula manja a mayi wina amene anagwira ambulera.

"Pepani chemwali, zimenezi munaphunzira kuti?"

Anali mnyamata wamtali, wampango wofiira m'khosi, womwetulira ngati munadziwana kalekale. Anati dzina lake ndi Corentin.

"Sindinaphunzire kulikonse," anayankha Maëlle. "Ndikukonzekera mayeso olowera kusukulu ya boma ya zaluso. Amalembetsa kamodzi pachaka."

"Mayeso? Dzanja ngati limeneli likayesedwenso? Taimani pomwepo, musagwedezeke!"

Anasolola kapepala kolimba m'thumba, pensulo n'kuyamba kuthamanga. Basi isanafike anali atamaliza. Inali nkhope ya mtsikana wamaso aakulu, watsitsi lalifupi ngati la Maëlle, ndipo m'munsi munali nambala ya foni. Kuseri kwa kapepalako kunali chithunzi cha sukulu ina yapulayiveti ya zojambula, nyumba ya magalasi okhaokha m'mbali mwa mtsinje. Koma ndani amayang'ana kuseri pamene kumaso kuli nkhope yake?

Amene anayang'ana kuseri ndi Rozenn, mkulu wake, namwino amene ankakhala naye nyumba imodzi.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndine, asisi! Simukuona?"

"Tsitsi ndi lako. Koma mphuno yako inapindika utagwa panjinga uli mwana. Iyi yawongoka liti?"

"Iye amandiona choncho."

"Ee? Nanga timapepala ta sukulu amayenda nato m'thumba chifukwa chiyani? Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, mwana iwe."

Maëlle analanda chithunzicho n'kukachimata pamwamba pa bedi lake.

Mauthenga anayamba kugwa kuposa mvula ija. "Duwa langa, wadzuka bwanji? Ndalota ukundijambula." Masana: "Nyenyezi yanga, usaiwale kudya, manja ako ndi chuma cha dziko." Lamlungu ankayenda m'mbali mwa mtsinje akudyera limodzi chikondamoyo cha tchizi, ndipo njira iliyonse imene Corentin ankasankha inkathera pakhomo pa sukulu ya magalasi ija. Anati anaphunzira pomwepo zaka zitatu, ndipo tsopano amangothandizako pang'ono.

Maëlle sanali wopusa ayi. Anaona kuti foni ya Corentin imagona chafufumimba patebulo. Anaona kuti akamupempha Corentin kuti amuonetse zojambula zake zina, nkhani imatembenukira ku maso ake okongola. Ndipo Maëlle atatumiza zojambula zake kusukuluko, yankho loti amulandira linabwera tiyi asanazizire m'kapu.

"Sukulu yanji yosakana munthu?" anafunsa Rozenn. "Ngakhale basi ikadzaza imakusiya pa siteji. Wawafunsa kuti amene anamaliza kumeneko akugwira ntchito kuti?"

Funsolo linamusowetsa mtendere Maëlle mpaka anamufunsa mwini wake.

"Corentin, ndiuze zoona. Ukufuna ine, kapena ukufuna ndilowe sukulu yako?"

Mnyamatayo anagwira pamtima, misozi n'kulengeza m'maso. Misozi yeniyeni!

"Wandilasa, duwa langa. Ku boma amalemba mazanamazana, otengedwa ndi ochepa. Ukalephera ndidzakuyang'ana bwanji ukulira? Bwera kuno, tidzionana tsiku lililonse. Ndikulonjeza, tidzatsegula malo athu ojambulira, dzina lako pamwamba, langa m'munsi."

Kodi mtima ungalimbe bwanji pamenepo? Maëlle anapepesa, iye amene sanalakwe.

Sabata ya mayeso itakwana, uthenga unafika: "Mtima wanga, malo atsala amodzi okha. Akuti ubwere wekha udzasaine Loweruka m'mawa, apo ayi apatsa wina." Loweruka m'mawa ndiyo inali nthawi ya mayeso a boma. Zinangochitika mwangozi? Maëlle anadzifunsa, koma yankho lake sanafune kulimva.

Anaima pa siteji ija, mapensulo a mayeso ali m'chikwama. Basi yopita kusukulu ya boma inafika, inatsegula chitseko, inadikira, inapita. Iye anakwera yopita kumtsinje, ndipo anasaina pepala lomumanga chaka chathunthu. Rozenn atamva sanakalipe. Anangokhala pampando n'kuvula nsapato zake zakuntchito pang'onopang'ono.

Tsiku loyamba la maphunziro, m'kalasi munali mothithikana, mipando yosakwana. Malo amodzi aja anali atabereka! Mphunzitsi anachedwa, ndipo atafika anawaikira kanema n'kutuluka. Mtsikana amene anakhala pafupi ndi Maëlle, watsitsi lopotana, anatsegula chikwama chake cha mapepala. Mkati munamatidwa kapepala kolimba.

Maëlle anayang'anitsitsa nkhope imene inajambulidwapo. Maso aakulu omwe aja. Milomo yomweyo. Mphuno yowongoka yomweyo. Tsitsi lokha ndilo linali lopotana.

"Anakujambula ndani?"

"Chibwenzi changa," anatero mtsikanayo mwamanyazi. "Tinakumana pa siteji ya basi."

Wina wa mzere wakutsogolo anatembenuka, nkhope itagwa, n'kuonetsa foni yake. Nkhope yomweyo, yovala magalasi.

Mawa lake Maëlle anamatula chithunzi chija pamwamba pa bedi, ndipo anakamupeza Corentin pakhonde pa sukuluyo, akusanja timapepala patebulo. Anaponya chithunzi chake pamwamba pa muluwo.

"Tilipo angati?"

"Duwa langa, tamvera..."

"Usanditchule duwa! Tilipo angati?"

Corentin anayang'ana pansi, kumwetulira kuja kutathawa.

"Ndi ntchito, Maëlle. Nditamaliza pano ndinazungulira paliponse, satifiketi yapano palibe anaiyang'ana kawiri. Amene anandilemba ntchito ndi omwewa, yobweretsa ophunzira. Ndikapanda kubweretsa, andichotsa. Koma iwe ndi wosiyana, ndikulumbira! Iwe ndimakukondadi."

"Unkadziwa kuti mayeso anga ndi Loweruka?"

Corentin anangoyambanso kusanja timapepala tija.

Maëlle anamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa mbali ina ya mtima wake inkafunabe kumukhulupirira. Anatulutsa pensulo imodzi mwa zija anasongolera mayeso, natembenuza kapepala kamodzi.

"Ngati umandikonda, ndijambule. Ine, osati uyo. Ndili pano, sindigwedezeka."

Corentin anamuyang'ana nthawi yaitali, mwina koyamba chikumanirane. Kenaka anatenga pensuloyo. Anayamba, anafufuta, anayambanso, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anayesetsa ndithu, zimenezo tisamunamizire. Koma zaka zitatu za m'nyumba ya magalasi zinamuphunzitsa nkhope imodzi yokha, ndipo dzanja linkadziwa njira yake.

Atamaliza, Maëlle anatenga kapepalako n'kuyang'ana. Misozi inadontherapo.

Mphuno inali yowongoka.

"Sunga," anatero, akumubwezera. "Ingosintha tsitsi, ukampatse wina pa siteji."