Kamtanda pa Mitengo ya a Gayle

Pakhomo pa a Hopeton Gayle, kumapiri a ku Trelawny, panalibe chuma choti anthu n'kulozerana, koma njala sinkapondapo. A Gayle anali mlimi wa zilazi ndiponso mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa. Popeza akuba mitengo yoyangira zilazi anali ochuluka, mlimi aliyense ankasema chizindikiro pa mitengo yake. A Gayle ankasema kamtanda ndi nsonga ya chikwanje, ndipo ngakhale kamwana kankadziwa kuti mtengo wa kamtanda ndi wa ndani.

Mwana wawo Denton anali ndi dzanja la mbewu. Akagwira mphukira n'kuilozetsa pamtengo, inkakwera ngati yamva mawu. Bambo ake anamuphunzitsanso kumanga mfundo yawoyawo, yosafinya tsinde koma yosamasuka ndi mphepo.

"Kuwongola mtengo n'poyamba, mwana wanga," ankatero akumanga. Denton ankayesa akunena zilazi.

Tsiku lina akudya chilazi chootcha ndi nsomba yamchere pamsewu, anamupeza Linval, mnzake wa kusukulu amene tsopano ankavala unyolo wonyezimira m'khosi.

"Aise, manja ngati amenewo ukuwathera pa zilazi? Chamba changa kuseri kwa phiri chatalika kuposa munthu. Ndege ya apolisi ikangodutsa, ine ndatha. Ndikufuna wodziwa kuchigonetsa."

"Bambo anga atamva angandisende wamoyo."

"Iwe, sukusuta ayi, sukugulitsa ayi. Ukungomanga mbewu basi. Kodi kumanga mbewu kulipo pa malamulo khumi aja?"

Denton anaseka, n'kunena kuti akangoona chabe. Koma atafika n'kupeza mbewu zitatalika mosalongosoka, manja anamuyabwa. Anadula nsonga kuti zitambasuke, anapinda nthambi n'kuzimangira pansi, anatengulira masamba a m'kati kuti mphepo izidutsa. Chambacho chinayala ngati mphasa. Anzake a Linval anayamba kumutchula kuti Dokotala, ndipo kunena zoona, dzinalo linamukomera kuposa nsapato zatsopano zimene anamugulira.

Mayi ake, a Icilda, anatulukira pochapa.

"Denton, utomoni uli pa malaya akowu si wa chilazi."

"Ndi tchire chabe, Amayi."

"Ndakhala ndikuchapa tchire la phiri lino usanabadwe. Kumene ukupitako usiye, usanatibweretsere maliro a anthu amoyo."

M'mawa mwake iye anapitanso.

Chamba chitakhwima, mitu inalemera, mvula ya mphepo inayamba, ndipo nthambi zinayamba kung'aluka. Panafunika mitengo yowongoka yochirikizira, ndipo inafunika msanga. Kukadula m'nkhalango kunali kutali, koma mulu wa bambo ake, wodikira munda watsopano, unali pafupi. Kamtanda kaja Denton anakaona ndithu potola mtengo woyamba. Anadziuza kuti kuseri kwa phiri kulibe maso.

"Mitengo yanga yamera miyendo," anatero a Gayle akuyang'ana muluwo.

"Ndi akuba, Bambo."

"Wakuba wa chaka chino ndi wodziwa ntchito. Akusankha yowongoka yokhayokha, ndipo galu sakumuuwa." Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ngati ukumudziwa, umuuze aibweze. Sindidzamufunsa kanthu."

Mpata unali umenewo, ndipo Denton anausiya udutse.

Lamlungu lotsatira, akungofika kuchokera ku tchalitchi, galimoto ya apolisi inaima pachipata. Linval anali atanunkhiza kale n'kuthawira kutauni. Wapolisi anaponya mtolo wa mitengo pabwalo, ina ikadali ndi nthambi za chamba.

"Akulu a mpingo, chizindikiro ichi n'chanu?"

Anthu ochokera kumapemphero anaunjikana kumpanda, mabuku a nyimbo ali m'manja. A Gayle anawerama, natola mtengo umodzi. Sanayang'ane kamtanda. Anayang'ana mfundo, ija anaphunzitsa munthu mmodzi yekha padziko. Kenako anatukula maso kwa mwana wawo, ndipo Denton anayang'ana nsapato zake zatsopano.

"N'changa," anatero a Gayle, natambasula manja.

Apolisi anapita nawo atavala jekete ya ku tchalitchi. A Icilda sanalire mokweza. Anangofunsa Denton kuti, "Waima pamenepo ngati chitsa, bambo ako akukusenzera unyolo?" Denton anathawira kumunda watsopano. Kumeneko anapeza mphukira za zilazi zikukwawa m'matope, zikufunafuna pogwira, zina zitayamba kuola. Anagwada kuti aikweze imodzi, koma panalibe mtengo woikwezapo. Apo ndiye analira, kulira kwa munthu amene wadziona yekha bwinobwino.

Anapita kupolisi wapansi. Pofuna kuti amukhulupirire, anapempha chingwe n'kumanga mfundo ija pamaso pawo. A Gayle anatulutsidwa, Denton analowa, ndipo khoti linamupatsa zaka za kundende.

Komatu mbiri ikatuluka sibwerera pakhomo. Ena ankanong'ona kuti mkuluyo ankadziwa zonse, mwana wangodzipereka. A Gayle anatula okha udindo wa mu mpingo, n'kumakhala pa benchi ya kumbuyo. Atapita kukamuona kundende, Denton anawafunsa ngati adula mitengo ina.

"Ndadula."

"Mwasema kamtanda?"

"Ayi, mwana wanga. Ndikanyamula chikwanje kuti ndiseme, dzanja likukana."

Mpaka imfa yawo, mitengo ya a Gayle inalibe chizindikiro, ndipo akuba ankaitola mmene afunira.

Achinyamata, musanyengedwe ndi mawu akuti "ukungothandiza chabe." Luso limene makolo anakupatsani lili ndi dzina lawo, ndipo kumene mukaligwiritse ntchito, dzinalo lidzakafikanso. Denton analapa ndipo anakhululukidwa, koma kamtanda ka bambo ake sikanabwererenso pamtengo.