Udzu wa Ng'ombe ya Bere

Mabelo a udzu wouma sayenda okha, koma m'shedi mwa Wamkaka ankayenda. Chitseko chokhoma, galu osauwa, koma kukacha mulu umapezeka utatsika.

Udzuwo sunali wosewera nawo. Chilala cha chaka chatha chinapulula ng'ombe za bambo ake n'kusiya imodzi yokha, ndipo tsopano inali ndi bere. Kubusa kunali mbee, fumbi lokhalokha. Udzuwo Wamkaka anaumweta yekha nthawi ya dzinja, n'kuuyanika, n'kuumanga, ndipo ankadziwa kuti ukatha mvula isanagwe, ng'ombeyo idzagona osadzukanso.

Mkazi wake ankaloza chala aneba. Aneba nawo, pakamwa posatopa paja, ankanong'onezana kuti kukhola lakale, kumene kunangotsala mitengo, kumamveka mapazi. Wamkaka ankati zamkutu, koma tulo tinamuthawa.

Tsiku lina kutada anabisala kuseri kwa shedi. Mdima unali bii, nkhululu zikulira, kenaka zonse zinangoti zii. Loko anati khethe. Wotulukamo anali bambo ake, madala oti masana supuni imawagwa m'manja, belo lili paphewa ngati kamnyamata. Anawatsatira mwakachetechete mpaka kukhola lakale. Kumeneko madala anamasula udzu n'kumaumwaza pansi, uku akuitana mayina a ng'ombe zakufa zija, imodziimodzi, mwachikondi.

Wamkaka anagwidwa chisoni ndi mkwiyo.

"Bambo, zinafa zimenezi. Mukupha yamoyo."

"Tsitsa mawu, uzidzidzimutsa," madala ananong'ona. "Zikapanda kudya kuno, zikadya kwa yako ija."

Pomwepo Wamkaka anamva udzu ukukokedwa, fwa, fwa, mano akupera pang'onopang'ono, ndipo mpweya wofunda unamupemerera pamkono. Anayatsa tochi. Mitengo yokhayokha. Anawagwira dzanja bambo ake kubwerera kunyumba.

Kutacha anadzilimbitsa mtima kuti inali mphepo chabe. Mkazi wake anati ukalamba suunyengerera, achite chamuna udzu usanathe. Choncho anawalanda kiyi madala, madzulo n'kuwatsekera m'chipinda. Anagogoda, anachonderera, mpaka mawu anawathera.

Usiku umenewo ng'ombe ya bere inalira kamodzi kokha. Wamkaka anadzuka n'kukhala pabedi, koma kunena zoona, mantha sanamulole kukhudza chitseko.

M'mawa mabelo anali onse. Analowera kukhola latsopano mtima utatsikako. Modyera, mmene anadzaza udzu dzulo lake, munali mutanyambitidwa psiti. Koma ng'ombeyo m'nthiti munali mutalowa, yosalawa kanthu. Inali itapanikizika pakona ikunjenjemera, khola lonselo lili pululu. Anaiitana, anaikoka chingwe, osasuntha. Inkangoyang'ana uku ndi uku, kusowa podutsa.

Wamkaka anakatsekula chipinda cha bambo ake, n'kugwada, n'kuwafunsa motsitsa mawu kuti zakufa zija zimakhuta ndi mabelo angati.