Maluwa a M'kati mwa Waya

Chimene chinamudabwitsa Anock m'mawa uja n'chakuti loko anali chikhomere, koma maluwa anali pansi.

Anock anali sikauti ku Mnkhanya, mmodzi wa aja olondera nyama zakutchire. Chaka chimenecho anamuchotsa ku njovu n'kumupatsa chitsamba, ndipo anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma akatswiri a zomera amene anachokera ku Lusaka sankaseka ayi. Iwo anati kachitsamba ka pakasupe kaja, kachibale ka katope, ka masamba onunkhira ndi maluwa oyera ngati thonje, kanatsala kokhako m'chigwa chonse. Maluwa ake akapanda kubereka mbewu, mtundu wake watha. Anakatchinga ndi waya wautali n'kumusiyira Anock kiyi.

Ntchitoyo anailandira ndi manja awiri, chifukwa kunyumba kunali kutalowa zii. Miyezi itatu m'mbuyomo mkazi wake Rosemary anabereka mwana wakufa kale. Mwamwambo, mtayo salira maliro. Amayi achikulire anamutenga kusanache n'kukamuika okha, ndipo mwamuna sauzidwa malo. Anock sanafunse, Rosemary sananene, basi ankangopatsana madzi osamba ngati alendo.

Maluwa aja sanali omwazika monga igwetsera mphepo. Anali osanjidwa bwinobwino patsinde, mzere wake wotalika ngati mkono wa munthu. Anock, amene ankadziwa phazi la nyama iliyonse, anakwawa m'kati monse osapeza la pusi ngakhale la mbewa.

Tsiku lachiwiri zinali chimodzimodzi, lachitatunso. Nthambi za m'munsi zinayamba kuyera mbee. Mnzake Edwell anamunong'oneza kuti anthu obwera mochedwa kuchokera ku Mfuwe akumamva mawu pakasupepo, ngati munthu akutonthoza khanda. Ena ankati waya uja wakwiyitsa eni malo. Amayi achikulire okha ndiwo sankanenapo kanthu, ndipo akakumana ndi Anock ankayankha moni atayang'ana kumbali.

Usiku wachinayi Anock anauza mkazi wake kuti akukagona kukampu, koma anakabisala kuseri kwa chulu pafupi ndi kasupe. Mwezi kunalibe. Kutentha kwa Okutobala kunali kusanachoke m'nthaka, achule ankalira mwa apo ndi apo, ndipo kutali njovu zinkathyola mitsanya. Kenaka achule onse anangoti zii. Fungo la masamba aja linafika pamene anali, lamphamvu ngati wina wawafikisa m'manja. Ndiye panamveka mawu, otsika kwambiri, a nyimbo yogonekera mwana.

Mantha anamugwira Anock, komabe anayatsa tochi.

Anali Rosemary. Anagwada kunja kwa waya, mkono ataulowetsa mpaka paphewa, zala zikufunafuna dothi la patsinde koma osalifika. Wayayo anali atamukanda mkono wonse.

“Zimitsani, mumudzutsa,” anatero monong'ona.

Anock anazimitsa. Kenaka anafunsa kuti amudzutsa ndani, ngakhale mtima unali utamuuza kale.

“Mwana wanu ali apa. Amayi aja anasankha pano chifukwa dothi n'lofewa. Sindinaloledwe kukuuzani. Ndiye inu mwabwera ndi waya, mwamukhomera.”

“Nanga maluwawa, Rose? Ukuwathyoleranji?”

“Ine? Taonani pomwe mkono wanga ukulekezera. Ndimawapeza atagona kale choncho, pamene amayi aja anamugoneka.”

Anock anayatsanso tochi, ataiphimba ndi dzanja. Pamene ankafika madzulo, patsinde panali posesa, anasesapo yekha. Tsopano panali mzere wa maluwa, ndipo limodzi linali likugwedera ngati langoikidwa kumene.

Anatulutsa kiyi n'kutsekula. Awiriwo analowa, n'kukhala pansi mpaka kunacha, osakhudza duwa ndi limodzi lomwe.

Kwa Edwell, Anock ananena kuti ndi apusi akuthyola maluwawo. Analonderabe usiku uliwonse, mkazi wake ali pambali, koma sanaone dzanja lililonse, ndipo m'mawa uliwonse nthambi zinkakhala zitachepa maluwa. Mvula yoyamba isanagwe duwa lomaliza linali pansi, popanda mbewu ngakhale imodzi. Akatswiri aja atabwera anapukusa mitu, n'kunena kuti chitsamba chokalamba chotere sichidzaphukanso.

Anock anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, pamaso pa anthu onse. Alendo aja anadabwa kuona sikauti wokonda ntchito yake chomwecho. Amayi achikulire amene anali potunga madzi anatula ndowa zawo, n'kukhala naye pansi.