Ilyaz Sanagone Pansi pa Galimoto

M'nyumba ya a Toktosun, m'mudzi wina wa ku Kochkor, munalibe phokoso. Ankapemphera pa nthawi yake, mlendo sankachoka asanalawe buledi, ndipo botolo la mowa linali lisanalowemo. Ilyaz, mzime wawo, ndiye anatsala pakhomo monga mwa mwambo, iye ndi mkazi wake Jypara ndi khanda lawo.

Chaka chilichonse kukayamba kufunda, banja lonse linkakwera kumapiri ndi mahatchi kukawakama mkaka. Kumeneko ankagona m'kalavani, kanyumba kachitsulo ka matayala, kamene kankakokedwa ndi lole ya mnansi wawo. Chaka chimenecho mnansiyo anagulitsa loleyo. A Toktosun anagulitsako mahatchi, n'kuitana Ilyaz.

"Pita kumsika wa magalimoto ku Bishkek. Ukagule yonyasa, mwana wanga. Yaitali miyendo, ya giya wapamanja, yokhala ndi ngowe yokokera yobadwa nayo. Ndipo usakapereke dzanja kwa munthu usanagone pansi pake n'kuona chitsulo ndi maso ako."

"Ndamva, bambo."

"Bulukulo livule," anatero amayi ake, a Burul. "Loyera chonchi ndi la ku ukwati, si la kumsika."

Ilyaz anaseka, n'kupita nalo.

Pamsika mutu unamuzungulira. Magalimoto anali ndandanda mpaka polekezera maso, ndipo munthu aliyense ankanena zake. Uyu akuti ya dizilo ndiye imakoka, uyo akuti dizilo amauma kukazizira. Wina anamufunsa kulemera kwa kalavaniyo, kumene Ilyaz sankakudziwa. Atapeza yonga ananena bambo ake, yobiriwira, yokalamba, ngowe ili kumbuyo, anamva dzanja paphewa. Anali Kubat, mnzake wa kusukulu amene anasamukira m'tauni.

"Iwe m'busa! Chimkebe ichi n'chachiyani? Ukufuna nkhuku zizikaikiramo mazira?"

"Bambo anati..."

"Bambo ako amakwera hatchi. Za injini akudziwa chiyani? Tiye kuno."

Anamufikitsa pa galimoto yakuda yonyezimira, yogwa pansi, mipando yachikopa. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa yobiriwira ija, ndipo zimenezi zinamubalalitsa kwambiri.

"Nanga yatchipa bwanji chonchi?"

"Mwini wake akuthamangira kuntchito ku Moscow. Ndi mwayi wako, m'bale wanga. Ukalowa nayo m'mudzi, ana akathamangira fumbi lako."

Ilyaz anayang'ana pansi. Panali matope osakanikirana ndi oilo. Anayang'ana buluku lake. Atsikana ogulitsa tiyi anali chapafupi. Anangowerama pang'ono, n'kuona mdima wokhawokha.

Pomwepo dobadoba wina wa mano agolide, wogwirizanitsa ogula ndi ogulitsa, anagwira dzanja la Ilyaz, n'kulilowetsa m'dzanja la wogulitsa, n'kuyamba kuwagwedeza onse awiri mpaka phewa kuwawa.

"Onjezera pang'ono, mphwanga! Inunso tsitsani, achimwene! Mwanayu ndi wa pabanja labwino, simukumuona?"

Mwambowu Ilyaz ankaudziwa kuchokera kumsika wa ziweto: manja akangomasuka, malonda atha, mwamuna sabwerera. Mumtima ankati dikirani. Pakamwa panatuluka "chabwino." Manja anamasuka.

"Tsopano tiisambitse kuti isachite ngozi," anatero Kubat. Anathira mowa wa vodika pa matayala, wotsalayo n'kugawa m'makapu. Ilyaz anali asanamwepo. Anadzuka mawa lake m'chipinda cha Kubat mutu ukugunda, ndipo atazungulira galimoto yake anaima. Kumbuyo kunalibe ngowe.

"Zazing'ono zimenezo," anatero Kubat. Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo. Pamene ankalumikiza ngowe, dzimbiri linkayoyoka ngati makungwa. Kubat anapoperapo penti wakuda. "Ndani adziwe?"

Kumudzi ana anathamangiradi fumbi. A Toktosun anaizungulira galimotoyo manja ali kumbuyo.

"Yafupika miyendo. Giya uja ali kuti?"

"Za masiku ano zimasintha zokha, bambo. Mphamvu ili m'kati."

"Unagona pansi pake?"

"Ndinagona."

Mkuluyo msana unkamuvuta, ndipo mwana wake anali asanamunamizepo. Anatambasula manja, n'kuidalitsa.

Jypara anali kuchapa kuseri kwa nyumba. Ilyaz akudutsa, Jypara anakweza buluku lija.

"Bambo ake mwana, kumbuyoku n'koyera ngati lochokera m'sitolo. Kutsogolo ndiye kukununkha zimene sinditchula. Munagona pa chiyani?"

"Anandiyalira katoni."

"Katoni."

"Iwe chapa zovala. Za magalimoto uzisiye."

Tsiku losamuka analongedza m'kalavani mbaula, zofunda, ziwiya ndi kabedi ka mwana. Chaka chilichonse Jypara ndiye ankakwera m'menemo kugwirira katundu. Tsikulo anaima pakhomo pa kalavaniyo khanda lili m'manja.

"Ine ndi mwana tikhala m'galimoto."

Mkamwana sanganeneze mwamuna wake pamaso pa apongozi. Anangoyang'ana Ilyaz, osaphethira.

A Burul anaseka. "Ana a masiku ano! Akufuna mpando wachikopa. Ndikwera ine, ndigwirire makapu anga."

Ilyaz anatsegula pakamwa. Koma mwina ngoweyo inali yolimba. Kubat anati ndi zazing'ono. Wowotcherera uja sananene kanthu. Nanga akaulula lero, ayambira pati, pa dzimbiri kapena pa mowa? Anatseka pakamwa, n'kuwathandiza amayi ake kukwera.

A Toktosun anatsogola pa hatchi ndi ziweto. Msewu utayamba kukwera mokhotakhota, galimoto inayamba kubuula. Munalowa fungo lopserera. Kutsogolo kunayaka kanyali kofiira kamene Ilyaz sankadziwa tanthauzo lake.

"Imani," anatero Jypara.

Aime pamtunda ngati pamenepa? Kapena aponde kuti adutse msanga? Anaponda. Kumbuyo kunamveka khaa, ndipo galimoto inadumphira kutsogolo, yopepuka. Ilyaz anamwetulira, poganiza kuti injini yapeza mphamvu. Kenako anayang'ana pagalasi. Kalavani inali kuchepa.

Inabwerera chambuyo, n'kuomba thanthwe, n'kugwa chammbali. Ilyaz anawapeza amayi ake pakati pa makapu osweka, mbaula itawapsinja m'chiuno. Anali moyo, koma sankatha kudzuka.

A Toktosun anatsika ndi hatchi ali pa liwiro. Atawagoneka akazi awo pa bulangete kudikira lole yodutsa, anapita pa galimoto ija. Anavula chipewa chawo, anagwada movutikira, n'kugona chagada m'fumbi, n'kukwawira pansi pake. Ilyaz ankangoona nsapato zawo. Atatuluka anamuonetsa chala. Chinali chofiira ndi dzimbiri mpaka m'tsinde.

"Chaboola chitsulo, mwana wanga. Chala cha nkhalamba."

Ilyaz anaulula. "Sindinagone, bambo. Ndinaopa kudetsa buluku. Ngoweyo n'njowotcherera. Ndinamwanso mowa."

"Usandiuze ine. Kauze amayi ako."

Anakagwada pa bulangete paja, n'kunena zonse akulira. A Burul anatsegula maso. Kenako anamugwira dzanja.

"Ndinakuuza kuti ulivule."

Lero a Burul amayenda ndi ndodo, ndipo kumapiri sanakwerenso. Ilyaz analapa, mowa sanaukhudzenso, ndipo ndiye amawanyamula powatulutsa padzuwa. Anamukhululukira, koma chiuno sichinabwerere.

Inu achinyamata, makolo akakutumani, chitani zimene akuuzani ngakhale anzanu aseke. Mukalephera, nenani msanga kuti mwalephera. Ilyaz anayamba ndi manyazi, manyazi anabala bodza, ndipo bodzalo silinavulaze iye. Linavulaza munthu amene anamukhulupirira n'kukwera.